Kamphepo ndi Minibasi Yoimaima

Uyu ndi Kamphepo.
Dzina limeneli anamupatsa ndi Azakhali.
Kamphepo sayenda, amathamanga.
Kamphepo sadikira, amafulumira.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi.
Ankafuna kukwera nsanja ya belu.
Nsanjayo ili m'tauni yakale.
Tauniyo ili kutali, kuseri kwa mapiri.

Mayi ake a Kamphepo anakulira m'tauni imeneyo.
Anamwalira Kamphepo ali khanda.
Kamphepo sakumbuka nkhope yawo.

Tsiku lina Azakhali ankamupesa tsitsi.
"Ukakwera pamwamba pa nsanja ija, umaona tauni yonse," anatero Azakhali. "Umaonanso nyumba imene anakuliramo mayi ako."
Kamphepo anadumpha.
Chipeso chinagwa pansi.
"Ndikufuna ndikaione!"
"Khala pansi, iwe Kamphepo! Tsitsi latsala mbali imodzi."

Bambo ake a Kamphepo amayendetsa minibasi.
Minibasiyo ndi yoyera mbee.
Ili ndi mzere wobiriwira m'mbali.
Chitseko chake chikamatseguka chimalira kuti kweee!

Bambo salankhula zambiri.
Akavomera amati, "Eya."
Akakana amati, "Ayi."
Akafuna kulankhula zambiri amati, "Tiona."

"Ababa, tidzapita liti ku nsanja?" anafunsa Kamphepo.
"Tiona," anatero Bambo.
Kamphepo anafunsa m'mawa.
Anafunsa madzulo.
Anafunsa Bambo akumeta ndevu.
Anafunsa Bambo akupukuta nsapato.
"Tiona. Tiona. Tiona."

Lachisanu madzulo Bambo anabwera kuchokera ku ntchito.
Anavula kapusi.
Anakhala pampando.
Kamphepo anatsegula pakamwa kuti afunse.
"Mawa," anatero Bambo.

Kamphepo anakuwa.
Anathamanga kuzungulira tebulo.
Anathamanga kuzungulira Azakhali.
Anathamanga kuzungulira nyumba.
"Mawa! Mawa! Mawa!"

Loweruka Kamphepo anadzuka mbandakucha.
Anavala diresi lachikasu.
Anamanga kaliboni kofiira kumutu.
Azakhali analongedza dengu.
Anaikamo buledi, nthochi ndi mazira owiritsa.
Anathira tiyi m'fulasiki.
Kenako anavala chipewa chawo chachikulu cha mlaza.

Bambo anatsuka minibasi.
Anayang'ana oyilo.
Anagogoda matayala onse ndi phazi.
Anachotsa chikwangwani cha pagalasi.
Lero minibasi inali ya banja lokha.

"Tamverani, achimwene," anatero Azakhali. "Mlonda wa nsanja amatseka dzuwa likalowa. Lamulungu satsegula. Tikachedwa lero, tayenda ulendo wachabe."
"Eya," anatero Bambo.
"Lero si tsiku la ntchito, Ababa," anatero Kamphepo. "Musaime panjira."
"Eya."

Kamphepo anakhala kutsogolo.
Uku Bambo, uku Azakhali.
Anamanga lamba.
Vuuu! Minibasi inanyamuka.

Nyumba zinatha.
Masitolo anatha.
Minda inayamba.
"Taonani ng'ombe!" anakuwa Kamphepo.
"Eya," anatero Bambo.
"Taonani kakowa pamsana pa ng'ombe!"
"Eya."

Kamphepo anapeka nyimbo.
"Minibasi thamanga,
dzuwa lisatisiye!
Minibasi thamanga,
nsanja ikudikira!"

M'mbali mwa msewu munaima mlimi.
Anali atagwira mbuzi pachingwe.
Mlimi anakweza dzanja.
Tswiii! Minibasi inaima.

"Ababa!" anatero Kamphepo.
Bambo anayang'ana pansi.
Phazi lawo linali pa buleki.
"Phazi lazolowera," anatero Bambo.

Mlimi anasuzumira pazenera.
"Zikomo, adalaivala. Mbuzi yanga yapweteka mwendo. Ndikupita nayo kwa dokotala wa ziweto."
Kweee! Chitseko chinatseguka.
Mlimi anakwera.
Mbuzi inakwera.
"Meee!"
"Achimwene, iyi ndi minibasi kapena khola?" anafunsa Azakhali.
"Tiona," anatero Bambo.

Mbuzi inaima kumbuyo kwa Azakhali.
Inanunkhiza chipewa.
Inanyambita chipewa.
Inaluma chipewa.
"Mayo ine! Chipewa changa!"
"Pepani, mayi," anatero mlimi. "Ukudwala ndi mwendo. Pakamwa pali bwinobwino."
Kamphepo anaseka mpaka misozi.

Mlimi anatsika pa nyumba ya dokotala wa ziweto.
Mbuzi inatsika ikutafunabe.
"Mukumva mkokomo uwo?" anafunsa mlimi. "Ndi mathithi. Ali kuseri kwa mitengo iyo. Musachoke osawaona."
"Mathithi!" anatero Kamphepo.
Anali atanyamuka kale.

Madzi ankagwa kuchokera pathanthwe lalitali.
Phwaaa!
Anali oyera ngati mkaka.
Timadontho tinamunyowetsa Kamphepo kumaso.
"Ababa, utawaleza! Uli pansi, pafupi ndi miyala!"
"Eya."

Bambo anavula nsapato.
Anaviika mapazi m'madzi.
"Liviikeni ndithu phazilo," anatero Azakhali. "Mwina lizizira."

Kamphepo anayang'ana kumwamba.
Dzuwa linali litakwera.
"Tiyeni! Nsanja!"

Vuuu! Minibasi inanyamukanso.
"Minibasi thamanga,
dzuwa lisatisiye!"

Anadutsa minda ya mpendadzuwa.
Uku chikasu, uko chikasu.
Maluwa onse anayang'ana kumodzi.
"Akuoneka ngati ana a sukulu pa mzere!" anatero Kamphepo.
"Eya."

Kenako Kamphepo anatong'ola maso.
"Azakhali, taonani! Chitseko chikuyenda!"
Zoonadi, kutsogolo kunkayenda chitseko.
Chinali ndi miyendo iwiri.
Pansi pa chitsekocho panatuluka dzanja.
Dzanjalo linakwera m'mwamba.
Tswiii! Minibasi inaima.

"Ababa!"
Bambo anayang'ana pansi.
"Phazi lazolowera."

Pansi pa chitseko panatuluka kalipentala.
Anali ndi pensulo kukhutu.
"Mwandipulumutsa, adalaivala," anatero. "Chitseko ichi chandifupikitsa khosi."

Anayesa kuchilowetsa chogona.
Sichinalowe.
Anayesa kuchilowetsa choima.
Sichinalowe.
Anayesa kuchilowetsa chopendeka.
Sichinalowebe.

Kalipentala anatulutsa chingwe.
Bambo anakwera pamwamba pa minibasi.
Anakoka chitseko.
Anamanga uku.
Anamanga uko.
Kamphepo anaimira mwendo uwu.
Anaimira mwendo winawu.
"Fulumirani, Ababa!"
"Tiona."

"Mbuzi tanyamula," anatero Azakhali. "Chitseko tanyamula. Kwatsala denga basi, timange mudzi."

Vuuu! Anafika pa mlatho wakale.
Mlathowo unali wa miyala yokhayokha.
Pansi pake pankayenda mtsinje waukulu.
Tsidya lake kunali katauni kakang'ono.
Pakati pa katauniko panali siteshoni yakale ya sitima.

"Nditsika pano," anatero kalipentala. "Chitsekochi ndi cha pa siteshoni. Chakale chinadyedwa ndi chiswe. Mwana, unaonapo sitima ya malasha?"
"Ayi!"
"Tazungulira kuseri uko."

Kuseri kunali mutu wa sitima.
Unali wakuda bii.
Mawilo ake anali aatali kuposa Kamphepo.
Pakati pa njanji panali patamera udzu.
Sitimayo inasiya kuyenda kalekale.

Kamphepo anakwera.
Anagwira chitsulo chachikulu.
"Chuku, chuku, chuku! Pooo! Kwerani, Ababa! Dalaivala ndine!"
Bambo anakwera.
"Sitima yanga siima panjira!" anatero Kamphepo.
"Mwamva, achimwene?" anatero Azakhali.
Bambo anamwetulira pang'ono.

Anakhala pa benchi ya pa siteshoni.
Anadya buledi.
Anadya mazira.
Anamwa tiyi.
Kamphepo anasenda nthochi.
Kenako anayang'ana pansi.
Chithunzithunzi cha sitima chinali chitatalika.
Anayang'ana kumwamba.
Dzuwa linali litapendeka.

Anadzambatuka.
"Tachedwa! Tachedwa!"

Onse analowa m'minibasi.
Kamphepo anagwira mkono wa Bambo.
"Ababa, lonjezani. Musaimenso."
Bambo salonjeza wamba.
Akalonjeza, alonjeza.
Anamuyang'ana Kamphepo.
"Ndalonjeza," anatero.

Kamphepo anamasula kaliboni kumutu kwake.
Anakamanga pa chiwongolero.
"Kaliboni aka kakakhala apa, minibasi siima."
"Eya."

Vuuu!
Mnyamata wina anakweza dzanja.
Anali ndi thumba paphewa.
Phazi la Bambo linanjenjemera.
Bambo anayang'ana kaliboni.
Minibasi inadutsa.
"Musadandaule, basi ina ili kumbuyoku," anatero Azakhali.

Amayi awiri anakweza manja.
Anali ndi madengu pamutu.
Phazi la Bambo linanjenjemeranso.
Bambo anayang'ana kaliboni.
Minibasi inadutsa.
"Nawonso akwera yomweyo," anatero Azakhali.
Kamphepo anawomba m'manja.
"Minibasi thamanga,
nsanja ikudikira!"

Kenako anakhotera msewu wa kuphiri.
Kunalibe nyumba.
Kunalibe masitolo.
Kunalibenso galimoto ina.

Pa mwala panakhala mayi wina wachikulire.
Njinga yawo inali itagona pansi.
Tayala linali litapindika.
Bondo lawo linali lomanga ndi mpango.
Mayiwo anakweza dzanja pang'onopang'ono.

Vuuu! Minibasi inadutsa.

Bambo anayang'ana pa kagalasi.
Anayang'ana kaliboni.
Anayang'ananso pa kagalasi.
Anagwiritsitsa chiwongolero.
Azakhali anayang'ana pansi.

Kamphepo anacheuka.
Mayi aja ankachepa.
Ankachepabe.
Dzanja lawo linatsika.

Kamphepo anayang'ana dzuwa.
Linali lofiira, pafupi ndi phiri.
Anaganiza za nsanja.
Anaganiza za nyumba ya mayi ake.
Anaganiza za bondo lija.
Anaganiza za mdima.

"Ababa, imani," anatero.
"Ndalonjeza," anatero Bambo.
"Ababa, imani!"
"Ndalonjeza."
"Mutu wouma ngati mwala," anatero Azakhali.

Kamphepo anatambasula dzanja.
Anakoka kaliboni.
Kaliboni kanamasuka.
"Ndamasula, Ababa. Imani."
Tswiii!

Minibasi inabwerera chafutambuyo.
Kweee! Chitseko chinatseguka.
"Mwatani, mayi?" anafunsa Azakhali.
"Tayala lagunda mwala, ine pansi," anatero mayi aja. "Ndimati ndigona kuthengo lero."

Bambo anawagwira mkono.
Anawakweza bwinobwino.
Azakhali anawathirira tiyi wotsala.
Malalanje a mayiwo anali atamwazika mumsewu.
Kamphepo anathamanga uku.
Anathamanga uko.
Anatola onse.
Bambo anamanga njinga pamwamba.
Anamanga ndi chingwe chimene kalipentala anaiwala.

Vuuu!
Kamphepo sanaimbe.

"Mumathamangira kuti, anthu inu?" anafunsa mayi aja.
"Ku nsanja ya belu," anatero Azakhali. "Mwanayu amafuna akwere. Koma tachedwa."
"Ku nsanja? Ho! Mlonda uja ndi wouma mutu. Ndimamudziwa bwino."
Kamphepo anawerama.
Bambo anamusisita pamutu ndi dzanja limodzi.

Minibasi inafika pamwamba pa phiri.
"Kweza maso, Kamphepo," anatero Azakhali.
Kamphepo anakweza maso.
"Tauni! Ababa, tauni! Nsanja iyo!"

Misewu yake inali ya miyala.
Minibasi inkangoti gudugudu, gudugudu.
Nyumba zinali zakale.
Makoma ake anali ochindikala.
Makonde ake anali aatali.
Koma m'misewu munali mthunzi wokhawokha.
Dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri.

Pakhomo la nsanja panaima mlonda.
Anali ndi jekete lakuda.
Anali ndi makiyi ambiri.
Anali akutseka loko.
Kete!

Kamphepo anatsika.
Anathamanga kuposa masiku onse.
"Odi, amalume! Tsegulani, chonde! Tachokera kutali!"
"Ndatseka," anatero mlonda.
"Pang'ono pokha!"
"Dzuwa likalowa ndimatseka. Ndikatseka, ndatseka. Mubwere Lolemba."
"Lolemba ndili ku sukulu," anatero Kamphepo.
Misozi inalengeza m'maso mwake.

Bambo anafika.
Anavula kapusi.
Bambo sapempha kanthu kwa munthu.
Koma lero anapempha.
"Chonde," anatero Bambo.
"Ayi," anatero mlonda.
"Chonde."
"Ayi."
"Chonde."
"Ayi."
"Taonani miyala iwiri ikugundana," anatero Azakhali.

Kweee! Chitseko cha minibasi chinatseguka.
Mayi aja anatsika akutsimphina.
"Iwe Kamimba!" anakuwa.
Mlonda anadzidzimuka.
Makiyi anagwa pansi.
"Achemwali! Bondo latani?"
"Ndagwa paphiri. Ndikanagona kuthengo. Waimitsa minibasi ndi mwana uyu. Wachedwa chifukwa cha ine. Tsegula."
"Achemwali, lamulo..."
"Lamulo? Ndinkakubereka kumsana ine! Unkandinyowetsa diresi! Lero wakula chifukwa cha makiyi?"
Azakhali anaseka chikhakhali.
"Awa ndiye anzanga awa!"

Mlonda anatola makiyi.
Anakanda mutu.
"Dzuwa lalowa, achemwali," anatero chapansipansi. "Sindinatsegulepo dzuwa litalowa."
Anaika makiyi m'thumba.

Kamphepo sanafune kulira pagulu.
Anakweza nkhope kuti misozi isagwe.
Anaona khoma la nsanja.
Linali lakuda ndi mthunzi.
Anakwezabe maso.
Anaona pamwamba penipeni.
Panali pofiira psuu!

"Silinalowe!" anakuwa Kamphepo. "Taonani, amalume! Pansi pano lalowa. Pamwamba likadalipo!"

Onse anayang'ana kumwamba.
Nsonga ya nsanja inkawala ngati moto.
Mlonda anayang'ana.
Anayang'anabe.
"Eya," anatero mlonda. "Likadalipo."
Anatulutsa makiyi.
Kete!
"Fulumirani."

Kamphepo safuna kuuzidwa kawiri.
Makwerero anali ozungulira.
Munali mdima pang'ono.
Munkanunkha fumbi.
Kamphepo anakwera.
Anazungulira.
Anakwera.
Anazungulira.
Bambo ankabwera pambuyo.
Azakhali ankabwera pambuyo penipeni, wefuwefu.
"Anamanga nsanja iyi analibe mawondo!" anadandaula.

Kamphepo anakankha kachitseko.
Phaphapha! Nkhunda zinauluka.
Mphepo inamuwomba kumaso.
Dzuwa linali pomwepo, lalikulu, lofiira.
"Talipeza! Ababa, talipeza!"

Pakati panali belu.
Linali lalikulu kuposa tebulo la kunyumba.
Kamphepo analigwira.
Linali lozizira.
Analigogoda ndi chala.
Linalira chapansipansi kuti ngeee.

Kamphepo anathamangira pa zenera ili.
"Mlatho uja uwo!"
Anathamangira pa zenera ilo.
"Minda yachikasu ija iyo!"
Anayang'ana pansi.
"Minibasi yathu ikuoneka ngati kabokosi ka machesi!"
"Eya," anatero Bambo.

Kenako Kamphepo anaima.
Madenga anali ambiri.
Ena ofiira, ena adzimbiri.
"Ababa, nyumba ija ili kuti?"

Bambo anabwera pafupi.
Anayang'ana madengawo.
Kenako analoza ndi chala.
"Iyo. Ya chitseko chobiriwira. Pambali pa mtengo."

Kamphepo anaiona.
Inali yaing'ono.
Inali ndi zenera limodzi loyang'ana kumsewu.
Kamphepo anaiyang'ana osaphethira.

"Mayi ako ankakhala pazenera paja," anatero Bambo. "Ankasoka."
"Kenako?"
"Ndinkadutsa ndi minibasi. Ndinkaima."
"Ankakweza dzanja?"
"Ayi."
"Nanga munkaimiranji?"
Bambo anakanda chibwano.

Azakhali anali atangofika.
Anaseka mpaka kutsamira khoma.
"Phazi lija linayambira pamenepo kuzolowera!"

"Ndinkaima tsiku lililonse," anatero Bambo. "Tsiku lina anakwera."
Bambo anamwetulira.
Mano onse anaoneka.
Kamphepo anagwira dzanja lawo.
Anayang'ana nyumba ija limodzi.
Dzuwa linatsika pang'onopang'ono.

"Lalowa tsopano!" anakuwa mlonda ali pansi.
"Tikubwera, a Kamimba!" anayankha Azakhali.
"Dzina limenelo si lanu, mayi!"

Tsiku limenelo anagona kunyumba kwa mayi a njinga aja.
Kamphepo analota nkhunda.
Analota belu.
Analota chitseko chobiriwira.

Lamulungu m'mawa anatsanzika.
Mlonda anali pakhonde, akuwongola tayala la njinga.
Mayi aja anadzaza dengu ndi malalanje.
"Mudzabwerenso," anatero. "Mukadzachedwa, mudzayambe mwanditenga ine."
Mlonda anangopukusa mutu.

Kamphepo anamanga kaliboni kumutu.
Azakhali anavala chipewa chawo cholumidwa.
Vuuu! Minibasi inanyamuka.
Gudugudu, gudugudu.

Inadutsa nsanja.
Inadutsa msika.
Inalowa m'kamsewu kakang'ono.
Tswiii!

Kamphepo anayang'ana uku.
Anayang'ana uko.
Palibe amene anakweza dzanja.

Kenako anaona mtengo.
Anaona chitseko chobiriwira.
Anaona zenera.
Linali lotsegula.
Pazenerapo panagona mphaka.

Bambo ankayang'ana zenera.
Azakhali anavula chipewa.
Kamphepo anayang'ana pansi.
Phazi la Bambo linali pa buleki.

"Phazi lazolowera," anatero Kamphepo.
"Eya," anatero Bambo.

Kamphepo anatsamira paphewa la Bambo.
Lero sanawafulumize.
Lero anadikira.